Tsiku Limene Ndinaphunzitsa Anapiye Kusambira

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene amayi ananditumiza ku Bwanje kukathera tchuthi kwa azakhali. Kwathu ku Biriwiri abakha sitinkaweta, koma ine ndinali mwana wodziyesa wodziwa zonse.

Azakhali anali ndi thadzi limene analifungatiritsa mazira a bakha, kenako n'kuwonjezerapo ake omwe. Linaswa tiabakha tinayi ndi anapiye atatu. Kamwanapiye kamawanga anandipatsa ine kuti ndikayambire khola langa kwathu, ndipo ndinkakakonda koopsa.

Tsiku lina masana, azakhali ali m'munda wa mpunga, ndinalondola thadzilo mpaka kungalande. Tiabakha tinangofika n'kudziponya m'madzi. Anapiye anaima m'mphepete akulira, ndipo zinandinyansa. Mayi mmodzi, chisa chimodzi, ena n'kumachita mantha? Ndinawatola onse atatu, kanga komwe, n'kuwaponyamo.

Sanasambire. Ankangophiriphitha, nthenga zitamatirira pathupi, madzi akuwakokera pamene ngalande imalowa m'paipi pansi pa msewu. Thadzi linkathamanga uku ndi uku m'mphepete. Ndinakuwa kuitana azakhali.

Azakhali anabwera akuthamanga, matope ali m'miyendo, n'kulowa m'madzi osafunsa kanthu. Anavuula awiri. Wachitatu anamugwirira pakamwa penipeni pa paipi, khosi lili lende. Kanali kanga.

Onse atatu anawaika pachifuwa m'kati mwa bulauzi, n'kukhala pansi padzuwa. Ine ndinaima poteropo kudikira mkwapulo, koma sanandiyang'ane n'komwe. Patapita nthawi awiri anayamba kulira m'bulauzimo. Ndinatchera khutu kuti ndimve wachitatu.

"Esinati, kagwire kabakha kamodzi ubwere nako," anatero azakhali.

Nditabwera nako anatambasula kaphazi kake. "Ukuona chikopa ichi pakati pa zala? Ndicho chimakankha madzi. Tathira madzi pamsanapa." Ndinathira, madziwo anangotsetsereka. "Nthenga zake n'zothithikana, ndipo kamadzola mafuta ochokera apa pamwamba pa mchira. Tsono taona uyu." Anatulutsa kamawanga kanga katafa kale, tizala take towonda tili paderapadera. "Izi n'zopalasira pansi. Sikanali kamantha ayi."

"Koma azakhali, mayi wawo ndi mmodzi."

"Ndiye mayi wawoyo unamuona akuwakankhiramo?"

Sanandimenye, ngakhale mumtima ndinkalakalaka atandimenya. Anandipatsa khasu kuti ndikakakwirire ndekha kuseri kwa khola, ndipo ku Biriwiri ndinabwerera chimanjamanja.

Lero ndili ndi ana awiri aamuna. Wamkulu masamu amangomwa ngati madzi. Wamng'ono amavutika nawo chaka ndi chaka, koma njinga ikawonongeka pamudzi pano amaitana iyeyo. Zotsatira za mayeso zikabwera, mawu akuti "bwanji sufanana ndi mkulu wako" amafika ndithu pakamwa panga. Ndikakumbukira tizala tija m'manja mwa azakhali, ndimawameza.