Ulendo wa mkanda wa amayi

Senderani kuno, anzanga, mumve za mkanda umene unayenda m'mimba mwanga.

Anali masiku a Chitaganya, kwathu cha ku Mkaika, ine mano akutsogolo atangoguluka. Amayi anali ndi mkanda umodzi waukulu wobiriwira, umene atate anawatumizira kuchokera ku Halale. Atatewo sanabwerenso, ndiye amayi ankausamala ngati munthu. Tsiku lina iwo akusamba, ndinauponya m'kamwa kuti ndimve ngati umatsekemera. Unali wozizira, woterera. Posakhalitsa basi, watsika.

Sindinauze munthu. Ndinkangodzisisita pamimba kufunafuna pamene wakhala. Kodi zimene timameza zimaunjikana ngati chimanga m'nkhokwe?

M'mawa mwake amalume a Lufeyo anapha mbuzi yophikira anthu odzatithandiza kulima, nandiitana kuti ndigwire mwendo. Atang'amba mimba, fungo lofunda la udzu wosasa linandilowa m'mphuno.

"Amalume, chimene mbuzi yameza chimakathera kuti?"

Anatenga chala changa n'kumachiyendetsa. "Uwu ndi m'mero. Ichi ndi chifu, mofewera chakudya. Mbuzi ili nazo zinayi, iwe chimodzi, ngakhale umadya ngati mbuziyo. Aka ndi kandulu, usakaboole. Tsono matumbowa amayamwa zabwino n'kupereka ku magazi, zotsala zimapitirira."

Tinawatambasula pamasamba a nthochi, kutalika kuposa chingwe cha pachitsime. Koma njira inali imodzi yokha, khomo uku, khomo uko.

"Nanga chinthu cholimba, chosasungunuka?"

Anaika mpeni pansi. "Wamezanji, mphwanga?"

Ndinaulula. Sanaseke ayi. Anangoti ndidye mbatata zambiri, ndipo popita kuthengo nditenge kamtengo kofufuzira ndi ndodo. Nthawi imeneyo tinalibe zimbudzi, ndipo nkhumba za m'mudzi zinkatitsatira, zosadziwa kudikira. Ukangotembenuka, zamaliza kale.

Masiku awiri ndinalimbana ndi chinkhumba chakuda cha a Nabanda oyandikana nafe, dzanja lina ndodo, lina kamtengo, kunyumba amayi akusesa ndi kusesanso pansi pa mphasa kufunafuna mkanda wawo, misozi ili m'maso. Tsiku lachitatu ndinauona mkanda uja ukunyezimira, wosasintha ndi pang'ono pomwe. Ndinautsuka ndi mchenga, kenaka phulusa, n'kukauika kuseri kwa mtsuko kuti amayi autole okha.

Lero mwana akameza kanthu amathamangira naye kuchipatala kukamuunika, ndipo amachita bwino. Amalume anamwalira osaulula. Chinkhumba chija chinadyedwa pa Khirisimasi, ine ndinakana nyama yake. Amayi anavala mkandawo m'khosi mpaka tinawaika nawo m'manda, akukhulupirirabe kuti ulendo wake wautali unali wochokera ku Halale.