Mayi Amene Ankamwera Kuseri kwa Matabwa

Mayi oyandikana nafe kuno ku Mayo, m'dziko la Ireland, salowa m'bala ya a Fintan Gilhooly, ngakhale mvula itawapezera pakhomo pomwepo. Amadutsa akung'ung'udza kuti, "Nyumba ya anthu otchuka iyo." Analemba mabuku a ndakatulo, koma tauni yonse imawadziwa ndi buledi amene amaphika pa maliro.

Khoma la m'balamo ladzaza zithunzi za alembi a dziko lathu la Ireland, amuna okhaokha. Pa utsikana wa mayiwa, akazi ankamwera m'kachipinda kotchingidwa ndi matabwa.

Chilimwe chatha a Gilhooly anawaimitsa mayiwa pakhomo, alendo ali kumbuyo ndi makamera.

"Mayi, tawauzani alendowa, mlakatuli wathu wamkulu uja ankakhala pampando uti?"

"Ndidziwa bwanji, Fintan? Ine ndinkangomumva kuseri kwa matabwa, akufunsa ngati kamkazi kolemba kaja kapita."

"Aa, zakale izo! Imani pomwepo akujambuleni."

Ndinaona nkhope ya mayiwo ikuwala, dzanja likukonza tsitsi. A Gilhooly anatuluka ndi chithunzi chachikulu cha mlakatuliyo, n'kuwagwiritsa.

"Kwezani pang'ono, mayi. Kwezaninso."

Anakweza mpaka chinawaphimba nkhope.

"Eya, pamenepo!"