Muzu Wokana Kukwiriridwa

"Kumeneko usamalandire kanthu kwa munthu amene sukudziwa kwawo," anatero akulu anga pondiperekeza kokwera ndege. Ndinawamvera zaka zambiri. Kuno ku Thamesmead ndinalera zidzukulu, zinakula n'kumapita, ine n'kutsala ndikusuzumira pakatani.

Kenaka m'nyumba yoyandikana ndi yanga munalowa mayi wina wa ku Chipata, wogwira ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lina anandipatsira pampanda chimuzu chonga jinja.

"Ambuya, bzalani ichi. Ni airisi, duwa. Koma osadya, chipweteka m'mimba!"

Ndinachinunkhiza kaye. Wofuna kukupha sakuletsa kudya, ndinaganiza choncho, ndipo ndinachitenga. Ndinaunda kamzere kuseri, n'kuchikwirira bwinobwino ngati mbatata ya kachewere.

Masamba anatuluka, athyathyathya, osongoka ngati lupanga, oyalana ngati zala za dzanja. Koma duwa ayi. Chaka chachiwiri chimodzimodzi. Ndinati basi wandipusitsa, moni wanga n'kuyamba kufupika. Komatu mumsewu monsemu ndi iye yekha ankandilankhula chinenero chathu. Kumutaya kukanatanthauza kutsala ndi wailesi.

Iye anaona. Analowa yekha, n'kugwada, n'kufukula ndi zala.

"Iyayi ambuya, mwachiika m'manda! Ichi chifuna msana panja, chiziwotha dzuwa."

"Dzuwa lake liti kuno? Nanga akuba?"

"Wakuba muzu? Ambuya imwe!"

Anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke, koma ndinamuphikira tiyi.

Chaka chotsatira, mu Meyi, linatuluka duwa labuluu woderako. Timasamba titatu tili njo, titatu talendewera ngati lilime la galu, kalikonse kali ndi tiubweya tachikasu pomwe njuchi imatera n'kulowa. Mayi uja akuti duwali ndi banja limodzi ndi maluwa ofiira aja omera okha m'minda ya chimanga kwathu ku Dedza, amene tinkazula popalira. Akuti anasiyana kalekale, awa n'kuzolowera chisanu. Ndinayang'anitsitsa masambawo, ndipo ndinavomera. Ine sindivomera msanga.

Ndimamuyamika mayi ameneyu, Mulungu amusunge. Anasamukira ku Wembley, amaimba foni Lamulungu. Mizu ija yaswana, yapanikizana, ikufunika kugawa, koma mawondo akukana. Inu odutsa kuno pa basi, muzipatuka mudzaone ngati ndadzuka. Gogodani, mutchule dzina mokweza, mudikire. Ndimachedwa kutsegula, koma ndimatsegula, ndipo mudzabwerera ndi muzu wanu.