Sopo wa nkhumba ndi malaya a ukwati

Zaka zimenezo sopo tinkangomumvera mbiri. Ukamva kuti wafika ku Chadiza, pofika iwe n'kuti atatha kale. Ndinapitako ulendo wina wapansi kuchokera kwathu ku Zemba, n'kukaima pamzere pa sitolo, anyamata a chipani akutiwongola ndi timitengo ngati mbuzi. Nditatsala pang'ono kulowa, wogulitsa anasuzumira pakhomo n'kunena kuti watha. Ndinabwerera ndi mapazi otupa basi. Panalinso sopo wina wobwera pa njinga, wodzera njira za m'tchire kuchokera kutsidya la malire, koma mtengo wake unali nkhuku yoikira. Ine kupereka nkhuku yanga chifukwa cha thovu? Ndinakana. Tinkachapa ndi masamba a papaya ndi phulusa, ndipo zovala zathu zonse zinasanduka mtundu umodzi, wa dothi la kumunda.

Sopoyo sindikanamulirira, pakanapanda nkhani ya ukwati. Ine ndi amuna anga tinakwatirana kumudzi, pamaso pa ankhoswe, koma ukwati wathu unali usanadalitsidwe ku tchalitchi. Kwa ife Akatolika zimenezo zimatanthauza kuti pa Misa, anzako akanyamuka kukalandira Ukaristia, iwe umatsala pa benchi. Ndinatsala pamenepo zaka zambiri, ana awiri mpaka kubadwa, ndikupinda miyendo kuti anzanga adutse. Zinkandiwawa kwambiri. Ndinkayimba nyimbo mokweza kuposa aliyense kuti anthu asaone kuti ndikufuna kulira.

Amuna anga sanali munthu woipa. Vuto lawo linali manyazi. Bambo wamtali, wolima thonje mpaka anzake kuchita nsanje, koma anthu angapo akawayang'ana pamodzi ankasowa poika manja. Ndiye chaka chilichonse ankapeza chifukwa: thonje silinachite bwino, ng'ombe yadwala, tiyembekeze mvula ithe. Chaka chimenecho akatekisiti atalengeza kuti ansembe adzabwera ku tchalitchi chathu chaching'ono mu Okutobala kudzadalitsa maukwati, amuna angawo sindinawapatse mpata wopuma. Kumunda nkhani inali yomweyo, pakudya yomweyo.

Tsiku lina anatopa nane. Anatsegula bokosi lawo n'kutulutsa malaya amene anagula ali mnyamata ku migodi. Ankawatcha malaya oyera, koma kuyerako kunali kwa mbiri yakale. Anali achikasu, m'khosi muli bii, pamtima pali madontho a mphemvu.

"Amake mwana," anatero, "ine sindingaime pamaso pa anthu ndi zinthu izi. Malaya awa akayera, tipita."

Ananena akumwetulira, poti ankadziwa kuti sopo kulibe. Ine ndinalanda malayawo m'manja mwawo n'kuwauza kuti asadzabweze mawu.

Ndinapita kwa msuweni wanga, mwana wa amalume, amene ankapita ku maphunziro a amayi ku mishoni. Iyeyo ndi ine tinakula tikutukwanizana monga amachitira asuweni, ndipo mpaka lero sitinasiye.

"Sopo? Nkhani yaing'ono imeneyo," anatero. "Asisteri anatiphunzitsa. Mafuta a nkhumba ndi chidulo basi. Uwiritse pamodzi, uzivundula mpaka zigwirane. Koma chidulo chake..."

"Chidulo undiphunzitse iwe?" ndinamudula. "Therere lako lija lakuda ngati matope?"

Ndinanyamuka iye akulankhulabe. Chidulo ndinachidziwa ndili kamtsikana: uotche zitsononkho za chimanga kapena mapesi a nsawa, phulusa lake uike mu mphika wobowola pansi, uthire madzi, zizidontha. Ndipo changa chinali chotchuka m'mudzi monse chifukwa chinali chofatsa, chosawawa. Therere langa linkatuluka lobiriwira, anthu mpaka kunyambita zala.

Mwayi wake, amalume anapha nkhumba sabata yomweyo. Pogawa nyama ine ndinati andipatse mafuta okhaokha. Amuna anga atamva kuti gawo lathu lonse ndi mafuta a sopo, anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kugwira tsaya ngati pamaliro.

Ndinasungunula mafutawo, tinyama take ndi tizikopa tili momwemo, n'kuthira chidulo changa chofatsa chija. Ndinavundula mpaka mkono kuuma. Zinatuluka zinthu zotuwa, zoterera, zonunkhira bwino kwambiri, moti ana anabwera ndi mbale. Ndinawathamangitsa. Zitazizira ndinadula m'timabenthu, mtima uli mbee, n'kuyamba kuganiza za nyimbo zimene adzandiyimbire pa tsikulo.

Kudambo ndinapita ngati mkazi wa aphunzitsi, sopo wanga ndili naye pa mbale. Ndinapaka malaya aja. Thovu silinabwere. Ndinapakanso, ndinafikisa, ndinamenya pa mwala, koma madzi ankangothawa pa nsaluyo ngati pa nthenga za bakha. Amayi amene ankachapa pafupi anayamba kununkhiza m'mwamba n'kumafunsana kuti akukazinga nyama ndani kudambo kuno. Ine ndinangokulunga malayawo n'kunyamuka. Ndinadziuza kuti dzuwa limaliza ntchito, ndipo nditafika kunyumba ndinayanika malayawo pa mpanda n'kupita kukatunga madzi.

Pobwera, pampanda panalibe kanthu. Kuseri kwa nkhokwe ndinamva kung'ung'udza. Anali galu wa amuna anga, wofiira, wowonda, amene ankamukonda ngati mwana wachitatu. Anali atagona pa malaya, miyendo yakutsogolo atapanikiza kolala, akudya msana mwaulemu ndithu, maso atatsinzina. Mkono umodzi n'kuti utapita kale. Ndinaponya ndowa ndi madzi omwe, ndinaponya munsi, ndinatukwana galuyo mpaka makolo ake. Anathawa ndi kansalu kukamwa, mchira ukugwedezeka.

Ndinakhala pansi pomwepo ndi chimene chinatsala: kolala, chifuwa ndi mabatani ake, ndi mkono umodzi. Ndinalira kwenikweni. Sindinkalirira nsalu ayi. Ndinkaona benchi ija, ndi ine ndikupindanso miyendo chaka china, mwina zaka zina zambiri, poti tsopano amuna anga anali atapeza chifukwa chimene ngakhale ansembe sakanachitsutsa.

Mbiri ya m'mudzi sichedwa. Msuweni wanga anafika akuseka kuchokera kutali, mpaka anagwira mpanda kuti asagwe.

"Safunsa anadya phula," anatero, "koma iwe wadyetsa galu ukwati! Wathira chidulo cha therere? Mayi, sopo si ndiwo!"

Ndinafuna kumuponyera munsi womwe uja, koma ndinalibe mphamvu. Ataona misozi anasiya kuseka, anakhala pansi pafupi nane n'kundipukuta ndi nsonga ya chitenje chake. Kenaka anamaliza mawu amene ndinamudula tsiku lija. Chidulo cha sopo chimafuna ukali. Madzi amene adontha uwabwezenso pa phulusa latsopano, kenaka uwawiritse mpaka achepe, ndipo uyese ndi dzira: likamira, sichinafike, likayandama ndiye chafika. Mafuta nawo uyambe wawawiritsa m'madzi n'kuwasefa, kuti fungo la nyama lichoke. Chimene ndinapanga ine, anati, chinali ndiwo ya galu yokoma bwino.

"Nanga zithandizanji tsopano?" ndinafunsa. "Malaya ake ndi awa."

"Chapa chomwe chatsalacho. Udziwe kaye ngati chiyera, zina uziona pambuyo."

Tinayamba limodzi. Tinatolera zitsononkho m'mudzi monse, amayi akutipatsa uku akufunsa ngati galu wakhuta. Mafuta tinasungunulanso omwe aja, n'kuwonjezera ena amene apongozi ake a msuweni anasunga mu botolo. Dzira loyamba linamira ngati mwala. Tinawiritsanso. Litayandama, kamutu kake kali pamwamba, tinaimba nthungululu ngati kwabadwa mwana. Chidulocho chinali chaukali moti kadontho kamodzi kanandiwotcha pa dzanja, chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Tinavundula mosinthana tsiku lonse, utsi ukutiliza, mpaka zinagwirana ngati phala la mawere. Sopo wake sanali wokongola. Anali wabulauni, wofewa, wotapa ndi chipande. Koma msuweni ataika pang'ono m'madzi n'kupukusa ndi dzanja, thovu linadzuka.

Ndinaviika chidutswa cha malaya chija, ndinachapa, ndinachiwiritsa, ndinachiyanika pa udzu, ine nditakhala pambali pake ndi ndodo m'manja. Galu ankandiyang'anira patali. Pouma, kolala inali mbuu, chifuwa chili mbuu, madontho a mphemvu osaonekanso. Ndinasangalala, komanso ndinkadziwa kuti theka la malaya si malaya.

Amuna anga masiku onsewa sanandiseke ngakhale kamodzi. Madzulo a tsikulo atabwera kumunda ndinawaikira chidutswacho pa mphasa. Ndinali nditakonzeka kumva kuti tidikire chaka chamawa. Anachinyamula ndi zala ziwiri, anachitembenuza, anasuzumira pamene panali msana n'kundiona ine kudzera pabowopo. Kenaka anayang'ana dzanja langa lopsa lija kwa nthawi yaitali.

"Ayera," anatero.

"Koma alibe msana."

"Msana ansembe adzauona? Ndikabwereka jekete kwa amalume anu. Inu sokererani kanthu kumbuyoku kuti asamagwe."

Ndinawayang'ana ngati ndikuwaona koyamba. Khomo lothawira linali lotseguka, galu wawo yemwe atawatsegulira, koma iwo sanatulukirepo. Ndinalowa m'nyumba msangamsanga kuti asaone nkhope yanga.

Nsalu yoyera munalibe m'nyumba, kupatula kathumba kamene kanabwera ndi ufa wa phala la ana ku kiliniki. Kanali ndi zilembo zikuluzikulu zabuluu zimene ngakhale sopo wanga anazilephera. Ndinakang'amba n'kusokerera msana. Mkono wotsala uja ndinaudula kuti ufanane ndi mnzake amene ali m'mimba mwa galu.

Amene akudziwa Okutobala wa kwathu andimvetsa. Tchalitchi chinali cha malata, anthu atadzaza mpaka m'mawindo, ndipo jekete la amalume linali lakuda, lolemera, lochokera ku Halale, losokeredwa dziko lozizira. Amuna anga anaima kutsogolo atamanga mabatani onse. Thukuta linkatsika m'makutu, kudontha pa chibwano. Ansembe anawanong'oneza kuti atha kuvula jekete, iwo n'kupukusa mutu mwamphamvu. Kumbuyo ndinkamva msuweni akulimbana ndi chiseko. Koma atafunsidwa ngati akundilola kukhala mkazi wawo, anayankha mokweza moti mwana wina analira. Ine ndinawagwira dzanja.

Nthawi yolandira itakwana ndinayamba kupinda miyendo mwa chizolowezi, kuti anthu adutse. Amuna anga anandigunda ndi chigongono. "Tiyeni, amake mwana," ananong'ona. Ndinanyamuka. Kuchokera pa benchi kukafika pa guwa ndi pafupi kwambiri, koma ine ndinayenda ndikulira poyera, osabisanso ndi nyimbo. Ndinali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga.

Titatuluka, amayi anatizungulira ndi nyimbo, fumbi lili koboo. Nkhani ya galu aliyense ankaidziwa, koma za kathumba ankadziwa ndi msuweni yekha, ndipo ndinali nditamulumbiritsa. Ndinawauza amuna anga kuti apirire pang'ono, akavulire kunyumba. Iwo anandiyang'ana, nkhope ili nyowe, n'kuyamba kumasula mabatani. Ndinawagwira mkono, koma anandichotsa dzanja mofatsa. Anavula jekete, n'kulipereka kwa amalume.

Anthu onse anawayang'ana. Kutsogolo bambo waulemu wake, kolala ili mbuu. Kenaka amuna anga anatembenuka okha, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone zilembo zabuluu zija pamsana, ndi mapewa opanda mikono. Chiseko chinaphulika, ansembe mpaka anavula magalasi kupukuta misozi, ana a sukulu akupikisana kuwerenga msana wa amuna anga. Munthu uja wosowa poika manja pamaso pa anthu anakweza manja onse awiri m'mwamba.

"Sekani," anatero, "koma kutsogoloku mwaona? Wachapa ndi mkazi wanga, ndi sopo wake wopanga yekha. Wa m'sitolo ndani ali naye pano?"

Atatero analowa m'bwalo n'kuyamba kuvina, mwamuna yekha pakati pa amayi, kuvina koipa kosagwirizana ndi ng'oma, kathumba kakuuluka pamsana. Ine ndinamanga chitenje m'chiuno n'kuwatsatira.