Tsiku Limene a Lexon Adasowa Wowayankha

A Lexon Kamdambo adali telala wa pakhonde. Kuyambira chaka cha 1946 makina awo osokera ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina dzina lake Mansukh, pamsewu wotsikira ku mlatho wa Lilongwe. Munthu akagula nsalu m'katimo ankangotuluka nayo n'kuisiya m'manja mwawo. Kusoka kwawo kudali kwapakatikati. Matumba a kabudula nthawi zina ankasiyana kuya. Chimene chinkadzaza khondelo chidali nthano.

Ankasimba miyendo ili pachopondera. Akati "Padangokhala," odikira zovala onse ankayankha kuti "Tilitonse," n'kumayankhabe chomwecho paliponse pamene iwo apumira, mpaka nthano ithe. Akuluakulu ena ankawadzudzula kuti nthano sasimba masana, koma iwo ankayankha kuti m'tauni usiku ndi wa alonda. Mansukh naye ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti anthu atseka khomo, komabe sadawathamangitsepo, popeza wotopa ndi kuimirira ankalowa kukagula sopo.

Mwana wawo wamwamuna, Paxton, adachoka mu 1952. Tsiku lina adalakwitsa podula nsalu ya mwini wake, ndipo atate ake adamuuza khonde lili lodzaza kuti manja ake ndi a khasu, osati a lumo. Anthu adaseka monga ankasekera nthano. Patapita sabata Paxton adakwera basi ya ku Halale, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zidatha popanda kalata. Anthu adayamba kumutchula kuti mtchona. Munthu wina wobwerera kuchokera kumeneko adati adamuona akugwira ntchito yophika buledi, ndi kuti madzulo anyamata a kuno amasonkhana pawayilesi kumvera za Chinyanja.

"Abambo a Paxton, bwanji osangolembetsa kalata?" ankafunsa motero mayi Alinesi, akazi awo.

"Kholo silipepesa mwana papepala," ankayankha a Lexon, n'kupondereza makina.

M'mwezi wa Julaye 1958 padamveka kuti pachionetsero cha zaulimi cha chaka chimenecho padzakhalanso tsiku la nthano, ndi kuti anthu a wayilesi adzabwera ndi makina ojambulira mawu. Nthano zomveka bwino zidzaulutsidwa m'maiko onse atatu a chitaganya. A Lexon adaona kuti njira yapezeka yolankhulira ndi mwana wawo popanda kugwada. Adasankha nthano imene Paxton ankaikonda ali wamng'ono, ya mnyamata amene adatsata mbalame yolondolera uchi mpaka kuiwala kwawo. Nthanoyo ili ndi nyimbo pakati, yoti "Bwerera, bwerera, njira yamera udzu." Adalingalira kuti mwanayo akangomva mawu awo adzadziwa yekha chimene chikunenedwa.

Tsikulo lidali Loweruka. Adavala jekete imene adadzisokera okha, nawoloka mlatho pamodzi ndi mayi Alinesi. Pabwalo padali anthu ochokera m'midzi yozungulira, ena atakhala pamikeka, ena pangolo. Kutsogolo adamanga chisakasa cha udzu, ndipo pansi pake padali tebulo, makina a mawu, mzungu wovala zomvera m'makutu, ndi cholankhulira choimikidwa pachitsulo.

Woyendetsa mwambo adali Maynard, kalaliki wachinyamata wa komiti ya chionetserocho, wovala tayi ngakhale kudali fumbi. Mzungu uja adamuuza kuti anthu achepetse phokoso, ndipo Maynard adalikulitsa lamulolo pomasulira.

"Tamverani nonse! Makinawa amamva ngakhale kutsokomola. Munthu akayamba kusimba, pasapezeke wotsegula pakamwa. Wolankhula atulutsidwa!"

Osimba awiri oyamba adali aphunzitsi, ndipo adawerenga nthano zawo papepala popanda vuto. Wachitatu adali a Lexon. Maynard adawaimika patsogolo pa cholankhulira, msana atalozetsa kwa anthu kuti mphepo isalowe m'makina, nawauza kuti asasunthe phazi.

"Padangokhala," adatero a Lexon.

Bwalo lonse lidangoti zii. Adadikira. Kutali kudamveka ng'ombe ya pachionetsero ikulira.

"Padangokhala," adabwerezanso.

"Pitirizani, bambo, makina akuyenda," adanong'oneza Maynard.

Adayesa. Adati padali mnyamata, mnyamatayo adaona mbalame, mbalameyo idauluka. Pamalo ponse pamene adazolowera kupumira padali dzenje, ndipo pothawa maenjewo adayamba kuthamanga. Nthano ya theka la ola idafika pakati m'mphindi ziwiri, youma ngati chilengezo cha msonkho. Atafika panyimbo adatsegula pakamwa, koma nyimboyo ndi yoti wina atsogolere ena avomere. Adaima.

"A kalaliki," adatero mokweza, "kodi ineyo ndikuuza yani?"

"Mukuuza anthu zikwizikwi, bambo. Ali m'kati umu."

"M'chitsulomu? Nanga bwanji sakuyankha? Amwalira?"

Kumbuyo kudamveka kuseka kobisa. Maynard adatukula dzanja kuti anthu akhale chete.

"Bambo, musationongere mwambo. Mwatsala ndi mphindi zochepa."

A Lexon adadziwa bwino lomwe kuti chitsulocho ndicho chidali njira ya ku Halale. Adadziwanso kuti Paxton akamva nthano yothamangitsidwa chotero sadzazindikira atate ake, kapena adzaganiza kuti akalamba n'kusokonezeka mutu. Adatembenuka, nasiya cholankhulira kumsana, nayenda mapazi asanu kulowera kwa anthu.

"Amayi inu a pangolo, mwadya kale? Ndati padangokhala!"

"Tilitonse!" adayankha mayi Alinesi okha.

"Mmodzi yekha? Enanu mwabwera kudzaona nkhumba?"

"Tilitonse!" lidavomera bwalo lonse.

Adaiyambiranso pachiyambi. Adayenda uku ndi uku, adalira ngati mbalame, adatsimphina ngati mnyamata wolasidwa ndi minga, ndipo pofika panyimbo amayi adaombera m'manja n'kuibwereza kanayi. Maynard adasiya kutukula dzanja. Mzungu adavula zomvera zake n'kumangoonerera. Anthu amene adalipo amati a Lexon sadasimbepo bwino chotero pakhonde paja.

Koma makina adajambula khamu lokha. Mawu a wosimba ankamveka patalipatali, ngati munthu woitana kutsidya kwa mtsinje. Maynard adawauza zimenezi tsiku lomwelo, koma iwo sadafune kukhulupirira. Kwa miyezi itatu ankasiya ntchito nthawi youlutsa za Chinyanja n'kukaima pakhomo pa sitolo, pamene Mansukh ankawatsegulira wayilesi yake. Aphunzitsi awiri aja adamveka onse. A Lexon sadamveke.

"Telala, wayilesi yanga yatopa," adatero Mansukh tsiku lina. "Pepala ndili nalo, sitampa ndili nayo. Mwana ndi wako, si wa wayilesi."

M'mawa mwake a Lexon adapita ku ofesi ya Maynard, chipewa chili m'manja.

"A kalaliki, mudanditsekera anthu pakamwa. Lero mundibwereke dzanja."

Maynard adachita manyazi, natenga cholembera. Kalatayo idali ya mizere inayi. Idanena kuti kunyumba kuli bwino, kuti amayi ake akumufuna, ndi kuti mawu aja a khasu adali olakwika ndipo wolakwayo ndi amene adawanena. Adaitumiza kudzera kwa munthu uja adamuona Paxton, amene ankabwereranso ku Halale.

Yankho lidafika m'mwezi wa Marichi 1959, masiku amene m'tauni mudali asilikali ndipo pakhonde anthu sankaloledwa kuunjikana. Paxton sadatchule za khasu kapena za kubwerera. Adapereka moni kwa amayi ake, napempha kuti atate ake amusokere buluku la kaki, nalemba miyeso yake: m'chiuno mainchesi makumi atatu.

A Lexon adamuuza Mansukh kuti awerengenso nambalayo kawiri. Kenaka adagula kaki wabwino koposa m'sitolomo, nadula buluku la mainchesi makumi atatu ndi anayi, chifukwa sadavomere kuti mwana wawo angaonde chotero.