Tsiku limene Mlamu anakhala chete

A Halo dzinali analitengera ku ntchito. Zaka zawo zamphamvu anazithera m'kachipinda kopanda zenera, kunsi kwa masitepe a kampani ina ya inshuwalansi, akulandira mafoni ndi kuwalumikiza ku maofesi a pamwamba. Zenera likanawathandiza chiyani? Maso awo anazima adakali pa sukulu, ndipo ankanena okha kuti kampaniyo inatola wantchito wosawononga magetsi. Ukangoimba kamodzi, ulendo wachiwiri ankakutchula usanadzitchule, n'kukufunsanso ngati chifuwa chija chinatha.

Atabwera makina olumikiza mafoni okha, a Halo anawatsanzika ndi mphatso ya wotchi yapakhoma. Wotchi yapakhoma, inu, kwa munthu wosaona! Anaikhoma ndithu, ati izisangalatsa alendo. Koma sanakhale manja lende. Anaphunzira kutayipa, ndipo ofesi ina ya maloya inayamba kuwatumizira pa intaneti mawu ojambulidwa pa misonkhano kuti aziwasandutsa zolemba. Ankavala mahedifoni m'mawa, zala n'kumathamanga pa kiyibodi yofufutika zilembo mpaka msana utadandaula.

Kompyuta yawo inali bokosi lakuda pansi pa tebulo m'chipinda chochezera, kiyibodi ija, ndi timasipika tiwiri. Sikirini panalibe. Anaipereka kalekale kwa mzime wawo, namwino wa ku chipatala cha ana, kuti adzukulu azionerapo makatuni. M'malo mwa sikirini anali ndi pulogalamu yowerenga mokweza chilichonse cha m'kompyutamo, ya mawu achimuna, am'mphuno, othamanga kuposa wolengeza mpira. A Halo anaitcha Mlamu, ati ndi mlamu yekha amene angakulongololere m'nyumba mwako tsiku lonse iwe osam'thamangitsa. Mlamu ankawawerengera mauthenga, nkhani, malangizo a mankhwala, ankawathandiza kuitanitsa katundu ku sitolo. Akazi awo atamwalira, ndiye anatsala wolankhula nawo m'nyumbamo.

Maliro atangodutsa, a Halo anadzipsereza dzanja ndi madzi a tiyi. Namwino atafika n'kuona matuza, anapsa mtima, kupsa mtima kwa mantha kuja. Anawauza kuti kunyumba kwake wakonza chipinda, bedi layalidwa, azilongedza. Bambo anakana kwamtuwagalu. M'nyumba mwawo ankadziwa pamene pali supuni iliyonse. Kwa mwana akanakhala munthu wotengedwa pa dzanja popita kuchimbudzi, wouzidwa kuti khalani apa, samalani apo. Anakangana mpaka mawu kusasa, kenako anapangana.

"Chabwino, Bambo, khalani," anatero namwino. "Koma tsiku limene mudzandiimbire kuti china chakukanikani, ndidzabwera ndi galimoto. Sitidzakambirananso."

A Halo anavomera, ndipo kuyambira tsikulo sanaimbepo foni yopempha kanthu. Ankaimba kufunsa za adzukulu, kuseka za nyengo, basi. Mpope ukamadontha ankaumanga okha ndi mphira. Zonse zili bwino, mayi, zonse zili bwino. Mwana wawoyo ankamutcha mayi, makamaka akamam'bisira kanthu.

Ndiye patapita zaka Mlamu anayamba khalidwe lachilendo. M'mawa uliwonse, asanawerenge china chilichonse, ankalengeza kuti sisitimu ya kompyutayi, ndiye kuti pulogalamu yaikulu imene ena onse amakhalira m'mimba mwake, yakalamba, eni ake asiya kuisamalira, aike yatsopano. A Halo ankaseka kuti sanaonepo munthu wolengeza yekha maliro ake, n'kudina batani loti mawa. Mawa, mawa, mawa. Koma zengerezu adalinda kwawukwawu. Ofesi ya maloya inawadziwitsa kuti kuyambira mwezi wotsatira, khomo lawo la pa intaneti silidzatsegukiranso makompyuta a sisitimu yakale, poopa akuba zinsinsi za milandu. Kukana kusintha kunali kutaya ntchito. Kusintha kunali kuika Mlamu pa mpeni.

Anapita ndi ndodo yawo yoyera kwa wokonza makompyuta wa pakona pa msewu, pakati pa shopu yometa ndi ya matayala. Munthuyo sanawabisire. Anati bokosi lawo likhoza kunyamula sisitimu yatsopano, ngakhale mopuma wefuwefu. Za Mlamu sanalonjeze: pulogalamu yakale chonchi mwina idzuka, mwina ayi. Panalinso njira ina, yosamukira ku sisitimu ya mtundu wina yaulere, yopepuka, koma kumeneko mabatani onse akanayamba kuwaphunzira ngati mwana wa kalasi yoyamba. Anawalangiza zinthu ziwiri. Ikayamba kusintha, osaizimitsa zivute zitani, apo ayi ifera pakati. Ndipo pakhale munthu wamaso pafupi. Iye mwini anali pa ulendo wokaona odwala kwawo, anati akabwera adzawathandiza.

A Halo anamva langizo loyamba, lachiwiri analisiya pa khomo la shopuyo. Amuna ena kuuma mutu amakuyesa ulemu. Anadikira wokonza uja mpaka mwezi unatsala pang'ono kutha, shopu ili chitsekere. Lachisanu lina m'mawa atamwa tiyi, anakhala pa mpando, napukuta manja pa thalauza, Mlamu atalengeza maliro ake monga mwa masiku onse, iwo anadina batani loti inde.

Poyamba zinayenda. Mlamu ankawauza kuti akukopera, akukonzekera, asazimitse. Kenako ananena kuti kompyuta iyambiranso, n'kudukiza mawu pakati.

Chete.

A Halo anagwada n'kuika chikhatho pa bokosi. Linali lofunda, fani ikuzungulira, m'kati mukumveka kutekesa kwa tinthu tating'ono. Ili moyo. Anabwerera pa mpando. Bokosi linazima lokha, linayakanso, linazimanso, ndipo ulendo uliwonse mtima wawo unkapita nalo. Anatsuka kapu imene anali atatsuka kale. Anamva ana a sukulu akudutsa pa msewu kupita, anawamvanso akubwerera. Dzuwa linachoka pa phazi lawo la kumanzere n'kukafika pa mwendo wa tebulo, kumene limafika nthawi ya chakudya chamasana, koma njala sanaimve.

Kenako kutekesa kuja kunaleka. Fani inatsika mawu n'kumangopuma mofatsa, mmene imachitira kompyuta ikamaliza ntchito n'kumadikira munthu. A Halo ankakadziwa bwino kapumidwe kameneko. Chinthucho chinali chitafunsa funso, ndipo chinalilemba pa sikirini imene inali kutsidya kwa tauni, adzukulu akuonerapo makatuni.

Anadina mabatani odzutsira Mlamu. Zii. Anakweza timasipika mpaka kumapeto, anamva mpweya wokha. Anavala mahedifoni, anavula. Zala zinayandama pamwamba pa batani lalikulu lovomerezera, koma anazibweza. Ukuvomera chiyani? Mwina funsolo ndi lakuti tifufute zonse, ndipo m'bokosimo munali ntchito ya maloya ya sabata yathunthu. Dzanja linatsika lokha kukafufuza chingwe cha magetsi kukhoma, linachigwira, linachisiya. Anachita mantha, mantha enieni, amene sanawamvepo ngakhale tsiku limene adokotala anauza mayi awo kuti mwanayu saonanso. Nthawi imeneyo anali mwana, sankadziwa chimene akutaya. Tsopano ankadziwa.

Anaganiza za aneba. Akanagogoda, inde, koma maso opanda sikirini akanaona chiyani? Anaimbira wokonza uja, foni yake inali yozima. Sikirini yolowa pa bokosi lakale ngati limeneli, ya chingwe cha mano ambiri, ankaidziwa imodzi yokha. Anakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali, chala chili pa batani la mwana wawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Namwino anayankha ali m'khonde la chipatala, kumbuyo kukumveka makanda. A Halo sanafunse za adzukulu.

"Mayi, chandikanika. Ubwere ndi sikirini ija."

Mwanayo anangoti akubwera akaweruka. Sanafunse zambiri, ndipo kusafunsako kunawalasa kuposa mawu.

Pangano ndi pangano. A Halo sanafune kuti mwana wawo adzachite kuwakumbutsa. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, anaipukuta fumbi, n'kuyamba kupinda malaya. Anaikamo lumo lometera, mankhwala, juzi imene akazi awo anawalukira. Anayenda m'nyumba monse akugwira zinthu: chitseko cha kukhitchini chimene chimafuna kukankha ndi bondo, msomali wopachikapo ndodo, mphira wa pa mpope. Wotchi ija anaisiya pakhoma. Anaika sutikesi pafupi ndi khomo n'kukhala pa mpando, chipewa pa bondo, bokosi likupumabe pansi pa tebulo.

Galimoto inaima panja dzuwa litapendeka. Namwino analowa chammbuyo atakumbatira sikirini, n'kupunthwa pa sutikesi. Anaima. A Halo anamva mpweya wake ukusintha. Mwanayo anaika sikirini pa tebulo, anagwada, analimbana ndi chingwe kuseri kwa bokosi akudandaula za fumbi. Anadina switchi ya getsi la m'chipindamo kuti aone bwino, getsi osayaka. Anafunsa kuti babu linapsa liti. Bambo anati sakudziwa, palibe anawauza.

Sikirini itayaka, namwino anawerenga chamumtima, kenako anaseka kuseka kowawa. Funso limene linawasunga bambo ake tsiku lonse linali lakuti: ngati simuona bwino ndipo mukufuna kompyuta izikuwerengerani, dinani mabatani awa. Analilemba, inu. Funso la munthu wosaona, analilemba ndi zilembo zokongola pa sikirini! Nzeru za anthu amaso nthawi zina zimafuna kuzipempherera.

Namwino anatambasula dzanja kuti adine, koma analibweza. Anawatchulira mabataniwo, a Halo anadina okha. Timasipika tija, totsegulidwa mpaka kumapeto, tinakuwa moti onse awiri anadzidzimuka. Anali mawu achikazi, aulemu, oyenda pang'onopang'ono ngati akuwerengera wodwala. A Halo anatsitsa sipika, anayankha mafunso otsala limodzilimodzi, kenako anafufuza ntchito ya maloya. Inalipo yonse. Anafufuza Mlamu. Mayi watsopano wa m'timasipikayo anawauza mwaulemu kuti pulogalamu imeneyo siyenda pa sisitimu ino, yachotsedwa.

Anthu angaseke kuti munthu wamkulu akulirira mawu a makina, koma mawu amenewo ndiwo ankawapatsa moni m'nyumba imeneyi chimwalirireni akazi awo, ndipo sanatsanzikane nawo n'komwe. Anapukuta m'maso ndi chipewa, nati Mlamu wapita, wasiya mlongo wake woti sadziwa kufulumira. Kenako anaimirira n'kufufuza ndodo pa msomali.

"Tiye, mayi. Ndalongedza kale."

Namwino sanasunthe. Ankayang'ana babu lakufa, mphira wa pa mpope umene unkaonekera pa kampata ka chitseko cha kukhitchini, ndi chipsera chatsopano pa chigongono cha bambo ake chimene iye, namwino wathunthu, sanauzidwepo.

"Bambo, zaka zonsezi simunandipemphepo kanthu. Ndimayesa simundifuna. Kani n'chifukwa cha mawu anga aja?"

A Halo anangotembenuza chipewa m'manja.

Mwanayo ananyamula sutikesi. Bambo anamvetsera mapazi ake, akudikira kulira kwa chitseko chakunja. Mapaziwo analowera kuchipinda. Anamva zipi ikutseguka, kabati ikulira, mahang'ala akugundana. Namwino ankalira uku akupachika malaya, uku akukalipa kuti munthu wamkulu amapinda bwanji malaya chonchi, ngati akukulunga nsomba. Atatuluka anati pangano lija lafa limodzi ndi Mlamu, asadzalitchulenso. Mawa abwera ndi babu ndi munthu wa mipope, ndipo asayerekeze kukana.

Atatero anawerama kuti azule chingwe cha sikirini, abwerere nayo. A Halo anamva, nafufuza dzanja lake pa tebulo, naligwira.

"Isiye pomwepo. Mlongo wa Mlamuyu sindinam'zolowere, adzandikanikanso." Analifinya dzanjalo. "Ndidzakuimbira."

Namwino anasiya chingwecho. Anakankhira sikirini kukhoma kuti isawatchingire kiyibodi, n'kupita kukhitchini kukateleka madzi a tiyi, ndipo chitseko chija chitam'kanira, bambo ake anamuuza kuti akankhe ndi bondo.