Mzere Wachiwiri wa Chisa cha Uchi

Inu amene mwalephera mpaka kuchita manyazi kutuluka m'nyumba, imvani za Rahab Msiska wa ku Njakwa.

Mwezi umene anaika maliro a bambo ake ndi womwewo umene kalata ya ku koleji inafika. Inati walephera ntchito yake yomaliza, ndipo watsala ndi mwayi umodzi wokha. Akalepheranso, zaka zinayi zalowa m'madzi.

Ntchitoyo anaiyamba chifukwa cha bambo akewo. Iwo ankaweta njuchi m'phiri, ndipo alimi ankakangana kawirikawiri popachika ming'oma moyandikana. Rahab anafuna kulemba pulogalamu ya pakompyuta yogawa mapu a phirilo m'tizigawo ta mbali zisanu ndi imodzi, kalikonse ndi manambala awiri osonyeza pakati pake, kuti mlimi aliyense adziwe pake.

Koma tizigawoto tinkakana kugwirana. Akatiyandikitsa tinkakwerana, akatitalikitsa pankatsala mipata yopanda mwini. Masamu a m'mabuku ankangowakopera osawamvetsa, pakuti miyezi yophunzira anaithera kuchipatala akudwazika bambo ake.

Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Pemphero lake linafupika mpaka linangotsala mawu awiri: “Ambuye, mukuona.”

A Limbikani, mphunzitsi wochokera ku Dedza, ankadutsa m'mawa uliwonse kutenga laputopu yake kukaitchaja kusukulu. Masana ankaibweza. Sanamufunsepo kuti zikuyenda bwanji.

Atatsala masiku asanu ndi anayi kuti apereke ntchitoyo, kunabwera a Manasseh, alongo awo a mayi ake, atanyamula beseni lovundikira ndi nsalu.

“Ndafula mng'oma wa adada ako,” anatero. “Njuchi zawo sizinamve za maliro. Tizilombo tosapita ku koleji, koma sitilephera mayeso!”

Anaseka okha. Ataona nkhope ya Rahab, kuseka kunathera pakhosi.

“Pepa, mwana wanga. Pakamwa panga mpotero.”

“Yewo, asibweni,” anayankha motsitsa mawu.

Atachoka, Rahab anakhala pakhonde ndi chisa chimodzi m'manja. Kudya sanafune. Anangochiyang'ana, misozi ikutsika, uku akuyendetsa kaudzu pa timabowo take monga ankachitira ali mwana.

Kaudzuko kanaima. Mzere wachiwiri sunali pansi penipeni pa woyamba. Kabowo kalikonse kanasunthira pambali ndi theka, n'kukhala pakati pa tiwiri ta pamwamba. Ndiponso mizereyo inalowana, wina kulowa m'mano a unzake. Anayeza ndi kaudzu komweko: kuchoka pakati pa mzere wina kufika pa wotsatira sikunali kabowo kathunthu, koma magawo atatu mwa anayi.

Iye tizigawo take tija ankatiyala ngati mabokosi a m'kope la masamu.

Ndi zala zomata uchi anatsegula laputopu. Anasintha mizere iwiri yokha ya pulogalamu. Tsiku loyamba theka lija analiika pa mizere yolakwika, mapu n'kupendekeka. Tsiku lachitatu phiri lonse linadzaza, popanda mpata, popanda kukwerana.

Ku koleji mphunzitsi wamkulu anamufunsa kuti magawo atatu mwa anayiwo wawatenga kuti. Rahab anatulutsa kachidutswa ka chisa m'kabotolo n'kukaika patebulo, nafotokoza mzere ndi mzere. Anakhoza.

Lero alimi a njuchi a m'dera lawo amagwiritsa ntchito mapuwo, ndipo mikangano inachepa. Bambo ake, amene anawafuna poyamba, sanawaone. Pa kachigawo ka mzere wachisanu ndi chiwiri, pamene pali mng'oma wakale uja, Rahab analembapo dzina la bambo ake, ndipo palibe amene wapemphapo malowo.

Mwina nanunso pemphero lanu latsala mawu awiri. Lipempherenibe. Ndipo wina akakubweretserani kanthu pa beseni, ngakhale ndi mawu olasa, kayang'anitsitseni musanakakankhire kumbali. Osataya mtima.